Mwayi wokonza uthenga pa WhatsApp wafika pa foni yanga

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chimene mng'ono wanga ankatha kukonza uthenga wotumizidwa kale pa WhatsApp pamene ine sindinkatha. Ndinatsatira malangizo akuti ndiike pulogalamu yatsopano ya WhatsApp kuchokera pa Play Store kenako ndidikire, chifukwa zinthu zatsopano zimafika kwa anthu pang'onopang'ono, ngakhale mafoni atakhala ofanana. Sindinafufute pulogalamuyi monga ena ananenera, poopa kutaya zithunzi za ana anga. Patadutsa masiku 9, ndinadina uthenga n'kuugwira, ndipo pa timadontho titatu ta pamwamba panaoneka mawu akuti Edit. Dziwaninso kuti mwayiwu umatha pakadutsa mphindi 15 uthenga utatumizidwa, ndipo wolandira amaona kuti uthengawo wakonzedwa.