Za mchere ndi solubility ku Fomu 3, labu tilibe ndithandizeni

MadamWaChitakale:
Mwaswera aphunzitsi anzanga. Ndili pa CDSS ina kuno ku Mulanje, tafika pa mutu wa salts ndi solubility (kasungunukidwe ka zinthu m'madzi) koma labu yathu ndi dzina chabe, muli mabika atatu ndi sikelo yakufa. Ana aloweza kuti madzi akatentha mchere umasungunuka wambiri, ndiye tinayesa ndi mchere wakukhitchini pa mbaula, kusiyana kwake sikunaoneke olo pang'ono mpaka ana ayamba kundiyang'ana ngati ndawanamiza. Ndipange bwanji? Komanso 1M solution (mole imodzi ya mchere mu lita imodzi) mumawaonetsa bwanji opanda volumetric flask, botolo lija lamulabu loyezera madzi molondola?

ChemWaLuchenza:
Madam simunawanamize, vuto ndi mchere mwasankhawo. Sodium chloride (NaCl), mchere wakukhitchiniwo, ndi wamakani, pa 20°C amalowa 36g mu 100g ya madzi, mukawiritsa mpaka 100°C angofika cha pa 39g basi, ndiye ndi maso simungaone kanthu. Amene amaonetsa bwino ndi potassium nitrate, cha pa 32g pa 20°C koma pa 60°C wadutsa 100g. Kabwerekeni pang'ono ku sukulu yomwe ili ndi labu, musungunule m'madzi otentha mpaka akane, kenako muviike bikayo mu beseni la madzi ozizira, ndi chiperoni chathuchi simufunanso ayezi kkkk. Timakristo timayamba kutuluka ngati tisingano ana akuona ndi maso awo. Koma za NaCl zija musazitaye, ajambule ma graph a kasungunukidwe ndi kutentha a michere iwiriyi pa pepala limodzi, wina wogona wina wokwera phiri, MANEB imakonda kufunsa zowerenga graph zomwezi.

AgogoAFizikisi:
Ine za soluble ndi insoluble ndimayambira pa chidulo. Mwana aliyense waonapo amayi ake akuthira madzi pa phulusa mu chitini choboola pansi nkumadontheza ophikira therere. Chomwe chadutsa ndi madziwo ndi potassium carbonate, imasungunuka, chotsala pamwamba ndi makala ndi calcium carbonate zomwe sizisungunuka. Ndi filtration yomweyo imeneyo. Aphitseni madzi achidulowo pa chivindikiro mpaka aume, pamatsala zoyera mbuu, mwana azikhudza ndi chala. Mukatero lamulo loti mchere wa sodium, potassium ndi ammonium komanso ma nitrate onse amasungunuka silivutanso kulowa. Fetereza wa CAN nayenso ndi wabwino, ammonium nitrate imalowa m'madzi koma pansi pamakhala zoyera zokana, ndi laimu uja.

SirWaBvumbwe:
Pa 1M paja, mole imodzi ndi 58.5g ya NaCl, koma apa mpamene ana amagwera chaka ndi chaka. Amathira madzi okwana lita kenako mchere pamwamba, ayi. Sungunulani mcherewo m'madzi ochepa kaye kenako muziwonjezera madzi mpaka zonse pamodzi zifike pa 1 lita. Flask mulibe, tengani botolo lapulasitiki, muyeze madzi ndi syringe yaikulu mpaka 500ml, mulembe mzere ndi maka, ndiye mchere wake ndi theka, 29.25g. Sizolondola ngati za labu koma mfundo amaigwira. Sikelo bwerekani ya digito kwa ogula mbewu ngati ili yowerenga magalamu. Madzi akhale amvula osati apamjigo.

MadamWaChitakale:
Zikomo nonse, chidulo chija sindinachiganizeko ndithu. Nanga shuga ndingagwiritse pa za kutenthazi? Ndiwosavuta kupeza.

ChemWaLuchenza:
Shuga amasungunuka wambiri kale, cha pa 200g mu 100g ya madzi ozizira, ndiye muononga paketi yonse musanafike pa saturated, pomwe amakana kusungunuka, komanso ana anyambita theka. Ndipo muwauziretu kuti shuga si salt, alibe ma ion, apo ayi pa mayeso akulemberani sucrose, shuga yemweyo, pa mndandanda wa mchere.