Kugula kwa a mashopu ang'onoang'ono nyengo ya Khirisimasi, kumathandizadi?

mayi_wa_atatu

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu pomwe tikulowa nyengo yogula za Khirisimasi ndi Nyuwere. Chaka chilichonse ikangofika Novembala timayamba kumva uthenga woti tizigula kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono a m'dera lathu, aja oti mwini wake timamuona ndi maso, m'malo mothamangira ku masitolo akuluakulu okhala ndi nthambi paliponse kapena kuoda pa intaneti. Ine mtima umavomera ndithu koma thumba ndi lomwe limakana, chifukwa nthawi yomweyo ndi pomwe masitolo akuluwo amagwetsa mitengo, ana akudikira zovala, achibale akudikira mphatso, kutsogoloku Januwale naye ali ndi zake. Ndiye ndifunse, kandalama kanga kochepaka kakapita kwa wa shopu yaing'ono kamasinthadi kanthu? Nanga inu amene mumatero mumapanga bwanji kuti bajeti isasokonekere? Makamaka ndikufuna ndimve kwa amene muli pa geni.

wageni_wakale

Mayi mwafunsa bwino, ndikuyankheni ngati munthu amene ndimakhala kuseri kwa kauntala. Kamasintha, ndipo kamasintha kwambiri mu Disembala kuposa mwezi wina uliwonse. Katundu amene mukumuona pa shelefu nyengo inoyi sitinamugule dzulo ayi, ambirife tinamupikula kale miyezi iwiri itatu yapitayo, ena ndi mpamba wonse, ena ndi ngongole yoti chiwongoladzanja chikuwerengedwa kale. Ndiye masabata ochepawa ndi amene amanena ngati ngongoleyo ibwezedwe, komanso ngati tikhale ndi ya lendi mu Januwale ndi Febuluwale pomwe makasitomala amasowa koma mwini nyumba safuna kumva zimenezo. Katundu wa nyengo akatsala ndiye mpamba wagona basi, zokongoletsera za Khirisimasi palibe amene amazifuna pa 2 Januwale.

Za mitengo, anthu ambiri amaganiza kuti timadulitsa dala. Sitolo yaikulu imaoda katundu wodzaza makontena kuchokera ku fakitale mwachindunji, imapatsidwa mtengo wotsika chifukwa cha kuchuluka, ndipo kawirikawiri imalipira patatha masiku 30, 60 mwina 90, kutanthauza kuti imagulitsa kaye kenako nkulipira. Ine ndimapikula makatoni ochepa kwa wa holoselo amene nayenso waikapo phindu lake, ndipo ndimalipira pompopompo. Tayamba kale mpikisano tili kumbuyo. Komanso pulomoshoni zinazi, sitolo yaikulu imatha kugulitsa zinthu ziwiri zitatu popanda phindu nkomwe cholinga mulowe, podziwa kuti mutuluka ndi trole yodzadza ndi zina zomwe sanatsitse. Wamng'ono akayesa zimenezo watseka.

Chimene chimapweteka kwambiri si munthu wopita ku sitolo yaikulu ayi, ameneyo ndi ufulu wake. Ndi uja amabwera, kuyesa nsapato, kufunsa mafunso onse, iwe nkumufotokozera bwinobwino saizi ndi mtundu womuyenera, kenako akajambula chithunzi nkukaoda pa intaneti. Wina ndi mnzako amene amatenga katundu pa ngongole mu Disembala nkumati tionana malipiro akatuluka. Ngati mukufuna kuthandiza wa geni, lipirani tsiku lomwelo, ngakhale mugule chinthu chimodzi.

wowerengera

Ndiwonjezerepo za komwe uthengawu unachokera chifukwa zimathandiza kumvetsa. Black Friday, tsiku lomwe masitolo amagwetsa mitengo, ndi ya ku America, ndi Lachisanu lotsatira tsiku la chikondwerero chothokoza la Thanksgiving lomwe limakhala Lachinayi lachinayi la Novembala, ndipo inafalikira maiko ena kudzera m'masitolo akuluakulu ndi malonda a pa intaneti. Mu 2005 kunabwera Cyber Monday, Lolemba lotsatira Black Friday, ya ogula pa intaneti. Ang'onoang'ono anapezeka kuti apanikizidwa pakati, ndiye mu 2010 kampani ya American Express inayambitsa Small Business Saturday, tsiku logula kwa ang'onoang'ono, Loweruka la pakati pa masiku awiriwo, ndipo ku UK anayamba yawo mu 2013, Loweruka loyamba la Disembala. Inde American Express ndi kampani ya makadi olipirira ndipo nayo imapindula anthu akamagula, koma vuto lomwe analiona ndi lenileni.

World Bank imati mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati ndi pafupifupi 90 peresenti ya mabizinesi onse padziko ndipo amalemba ntchito anthu oposa theka la onse ogwira ntchito. Nchifukwa chake bungwe la United Nations mu 2017 linakhazikitsa 27 Juni kukhala tsiku la mabizinesi amenewa.

Tsopano pa funso lanu mayi loti ndalama imapita kuti. Tinene zoona, mukagula foni kapena chidole chopangidwa kunja, gawo lalikulu la ndalamayo lituluka ndithu m'dera lanu kaya mwagula kwa ndani, chifukwa wopanga ali kutali. Nkhani ili pa gawo lotsalalo, phindu lija. Mwini shopu wa m'dera phindu lake amalidyera momwemo, amalipira lendi kwa munthu wa momwemo, akafuna wokonza magetsi, wolemba chikwangwani, wonyamula katundu, wowerengera mabuku, amaitana anthu apafupi, ndipo iwonso amakagula kwa ena apafupi, ndalama imodzi yomweyo nkuzungulira kangapo isanatuluke. Sitolo ya nthambi zambiri ntchito ngati zimenezi imazipanga ku likulu, ndipo phindu limapita kwa eni masheya kulikonse komwe ali. Ndiye ngati chinthucho chapangidwanso m'dera lomwelo, monga zosoka, zamatabwa, zophika, kapena ntchito ya manja ngati kumeta ndi kukonza zinthu, apo ndalama yambiri imatsala.

bambo_wa_bajeti

Ine ndikuvomereza zambiri koma pali mbali yomwe sindimakondwa nayo. Uthengawu nthawi zina umanenedwa ngati munthu wogula ku sitolo yotchipa alibe chikondi. Amene akuwerenga ndalama iliyonse kuti ana adye komanso avale sangauzidwe kuti alipire zambiri pofuna kupulumutsa bizinesi ya wina, ndipo asamadzimve wolakwa. Komanso m'masitolo akuluwo amene amaima pa thilu, oika katundu pa ma shelefu, alonda, onsewo ndi anthu a m'dera lomwelo, nawonso ali ndi mabanja.

Chachiwiri achimwene a geni mundikhululukire, enanu mumadzithamangitsira nokha makasitomala. Mtengo sulembedwa, umasintha kutengera mmene munthu wavalira, risiti palibe, chinthu chikafa mawa lake mumati katundu akatuluka sabwerera. Sitolo yaikulu ndimadziwa kuti ndikabweza ndi risiti andisinthira. Kukhulupirika kumeneko nakonso ndi gawo la mtengo. Thandizo lisakhale lachifundo chokha, munthu azibwera chifukwa wapeza chabwino.

wageni_wakale

Achimwene palibe chokhululuka, mwanena zoona ndipo zimatiipitsira mbiri tonse. Ine ndimauza anzanga kuti lemba mtengo pa katundu aliyense, pereka risiti ngakhale yolemba pamanja, ndipo unene poyera kuti chinthu chingabwezedwe pasanathe masiku angati. Wamng'ono sangapambane pa mtengo, angapambane pa kumudziwa kasitomala wake ndi kuima pa mawu ake, ndiye akataya zimenezonso watsala ndi chani. Za anthu ovutika ndagwirizana nanu kwathunthu, sindingafune munthu agone ndi njala chifukwa cha ine.

telala_wa_makina_awiri

Achemwali amene mwafunsa, musazitenge ngati mukuyenera kusankha mbali imodzi. Gawani list yanu pawiri. Zinthu zoti ndi zofanana kulikonse, sopo, mabatire, mafuta ophikira, gulani komwe zatchipa mtima uli mmalo. Koma mphatso, zovala, zinthu zofuna kuyeza kapena malangizo, zija zoti zikavuta mudzafuna munthu womubwerera, zimenezo perekani kwa ang'onoang'ono. Ndipo muyerekeze mitengo kaye, musangoganiza kuti shopu yaing'ono ndi yodula nthawi zonse, mukaphatikiza ndalama yotumizira katundu wa pa intaneti kapena transipoti yokafika ku sitolo yaikulu nthawi zina kusiyana kwake kumatha.

Kwa ife opanga ndi manja chomwe timapempha kwambiri ndi nthawi. Manja ndi awiri okha, tsiku silitalika chifukwa ndi Disembala. Munthu akabwera kumayambiriro kwa Novembala nkusiya dipoziti ndimagula nsalu modekha, ndimasoka mosathamanga, chovala chimatuluka bwino. Koma ambiri amabwera sabata yomaliza onse pakamodzi, ndiye umayamba kubweza anthu, ndalama ikuchoka ukuiona, pomwe mwezi wathawo makina anangokhala. Oda yomweyo ikanabwera msanga bwenzi tonse tapindula.

Pali zinanso zosafuna ndalama. Mukakhutira ndi ntchito uzani anzanu, lembani ndemanga pa tsamba lathu la Facebook kapena pa Google Maps, wina akakuyamikirani chovala mutchule amene anasoka. Ife tilibe ndalama yotsatsira malonda pa wailesi ndi pa TV, otsatsa athu ndinu. Komanso ngati mwatipeza kudzera pa app ya malonda, ulendo wachiwiri funsani ngati mungaode kwa ife mwachindunji, chifukwa ma app ambiri amadula komishoni pa chilichonse chogulitsidwa. Za kunenerera sindikana, ndi malonda, koma chinthu choti munthu wachipanga masiku atatu musachinenerere ngati cha ku fakitale chonde.

mayi_wa_atatu

Zikomo nonse, zoti katundu wa Disembala amapikulidwa ndi ngongole miyezi ingapo mmbuyo zandikhudza. Nditenga nzeru yogawa list ija, zapakhomo ndikagula kotchipa, zovala za ana ndi mphatso ndipita kwa ang'onoang'ono sabata ino. Koma dipoziti imandiopsa pang'ono, munthu umateteza bwanji ndalama yako ngati tsiku lafika katundu sanapangidwe?

telala_wa_makina_awiri

Musalipire yonse, theka kapena yokwana kugulira zipangizo ndi yokwanira. Mulemberane, kaya pa risiti kaya pa WhatsApp, chinthu chake, mtengo wonse, yomwe mwapereka, tsiku lotenga, ndi zoti likadutsa tsikulo ndalama ibwerera. Tsikulo muike sabata yathunthu isanafike Khirisimasi kuti pakhale mpata wokonza ngati penapake pathina. Amene akukana kulemberana musamusiyire ndalama, pitani kwa wina.