SAT 1560, amukana konse. Bambo ake ndiwauze chiyani?

Mlangizi Wotopa: Anzanga, mutu wandiima. Mtsikana wathu wa chaka chino ali ndi 1560 pa 1600 pa SAT (mayeso olowera ku mayunivesite a ku America), ma A okhaokha, recommendation ndinalemba ndi mtima wonse. Mayunivesite onse apamwamba a ku America amene tinalembako amukana, ngakhale waitlist (mndandanda wa odikirira malo) yomwe. Bambo ake akubwera mawa, pafoni angoti "inu ndi amene munaononga essay". Ndiwafotokozera bwanji kuti mwanayu sanalephere?

Mayi Mlangizi: Pepani achimwene. Muwaonetse ziwerengero zimene zinatuluka pa mlandu wa Harvard kukhoti. M'kalasi yomaliza maphunziro mu 2019, mwa ofunsira malo pafupifupi 26,000 a m'dzikomo, opitirira 8,000 anali ndi GPA (avareji ya magiredi) yodzadza, ndipo pafupifupi 3,500 anakhoza zonse pa masamu a SAT. Malo ake ndi 1,600 ndi kanthu. Ngakhale akanangotenga a GPA yodzadza okhaokha, ambiri akanatsalabe panja. Amene amalemba kumeneko ambiri ndi akatundu kale.

Wa Masamu: 1560 si 1600. Akanalembanso. MIT inabwezera lamulo lofuna SAT mu 2022, Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard mu 2024. Mukuganiza kuti anabwezera zachabe?

Mayi Mlangizi: Aphunzitsi, tsegulani Common Data Set (ziwerengero zimene mayunivesite amatulutsa) gawo C9. 1560 ili mkati mwa middle 50%, ndiye kuti mapointi a theka lapakati la ophunzira awo. Mayeso amangotsimikiza kuti mwana sakagwa m'kalasi, kusankha kumayambira pamenepo.

Mkulu Wopuma: Ine ndinali ndi mnyamata amene analemba SAT mpaka kuonda, kufunafuna mapointi 20. Kwaya anasiya, kalabu ya sayansi anasiya, pa Common App (fomu yofunsira malo) gawo la activities linangoti mbee. Anamukana. Mayi ake anabwera ndi mulu wa ma certificate mu envulopu, kuwayala patebulo langa limodzilimodzi, manja akunjenjemera. Mpaka lero zimandipweteka.

Mawa musatchule mwana wina amene watengedwa ndi magiredi otsika, mudzayambitsa udani pakati pa makolo. Musalonjeze appeal. Musavomere kuti vuto ndi essay, palibe wa ife amene anali m'chipinda chosankhiramo. Funso langa: anapempha financial aid, thandizo la fizi? Kwa ana akunja, masukulu ambiri ndi need-aware, amayang'ana thumba posankha. Osayang'ana thumba ndi ochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, ndipo aliyense amathamangira komweko.

Mlangizi Wotopa: Anapempha yonse, akulu. Safety (sukulu yosavuta kulowa) bambowo anakana, akuti ndi kunyoza mwana wawo.

Wa Masamu: Ndiye ndikunena. Wofuna aid yonse asamapite ndi 1560. Apume chaka, alembenso.

Mayi Mlangizi: Gap year yopanda chochita isamalani nayo. Ngati chaka chonse angokhalira mayeso, fomu yake ibwerera momwemo.

Wa Masamu: Momwemo bwanji, ili ndi 1600?

Watsopano: Pepani kulowerera akuluakulu. Pa CSS Profile (fomu yopemphera financial aid), bambo ndi mayi akakhala kuti anasiyana, onse awiri amadzaza? Wophunzira wanga deadline ili pafupi ndipo bamboyo sakuyankha foni.