Andiletsa kuuluka masiku atatu chifukwa cha 7700: kodi chilangochi n'choyenera?

Wa ku Moatize:

Abale anga oyendetsa ndege za pa kompyuta, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, ndipo ndikupempha kuti mundiuze zoona ngakhale zikhale zowawa. Usiku umenewo gulu lathu linali ndi ulendo wa pamodzi wochokera ku Beira kubwera ku bwalo la Chingodzi, ndipo ine ndinali wachitatu pa mzere wa ndege zoyembekezera kutera. Nditangoona magetsi a mzinda wa Tete ndi mdima wa Zambezi pakati pake, foni imene imandipatsa intaneti inalira ndi uthenga wakuti ma mega atsala pang'ono kutha. Ndinali nditauluka kupitirira ola lathunthu, ndipo mtima sunalole kuti ulendo wonsewo uthere m'malere. Ndinaika 7700, nambala yolengeza ngozi, pa transponder (chipangizo chimene chimaonetsa ndege kwa woongolera ndege), ndinanena "mayday", mawu olengeza ngozi pa wailesi, katatu, n'kunamizira kuti injini imodzi yazima. Mnzathu wa pa nsanja yoongolera ndege anakweza ndege ziwiri zimene zinali patsogolo kuti zisatere kaye, ine n'kutera bwinobwino. Chifukwa chenicheni ndinachiulula ndekha pocheza, ndipo m'mawa mwake oyang'anira gulu anandiletsa kuuluka masiku atatu. Popeza injini zonse za m'masewerawa n'zongoyerekezera, kodi bodza langa likusiyana pati ndi ngozi ina iliyonse imene timayeserera?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:

Achimwene, mwachita bwino kuulula, koma kulakwa mwalakwa ndithu. Ngozi yoyeserera imakhala mbali ya sewero pamene yachokera m'sewero momwemo, monga mafuta kuchepa chifukwa cha mphepo kapena chipangizo kuwonongeka monga pulogalamu yakonzera. Yanuyi inachokera m'thumba mwanu, ndipo munaiveka chovala cha ngozi kuti mudumphe mzere. Malamulo a magulu ang'onoang'ono ngati athuwa ambiri tinatengera ku maukonde akuluakulu a pa intaneti a oyendetsa ndege za pa kompyuta, IVAO imene inayamba mu 1998 ndi VATSIM ya mu 2001. Ku VATSIM woongolera ndege ali ndi mphamvu yokuuzani kuti ngozi yanu muisiye, ndipo mukakana mumayenera kuchoka pa ukondewo. Nambala 7500, yosonyeza kuti ndege yalandidwa, ndi yoletsedwa kotheratu, pamene 7600 ya wailesi yakufa ndi 7700 ya ngozi zimaloledwa ngati munthu sakuzigwiritsa ntchito pofuna kupondereza anzake.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi kulemera kwa mawuwo. Pa 25 January 1990 ndege ya Avianca inagwa pafupi ndi New York mafuta atatha, anthu 73 n'kumwalira, ndipo china mwa zimene ofufuza anapeza n'chakuti oyendetsa ake anapempha kuti atsogozedwe koma sanalengeze ngozi m'mawu ake oyenera. Mawu amene akanatha kusintha usiku umenewo ndi omwewo amene inu munawatchula pofuna kupulumutsa ma mega. Ana ena amene ali m'gulu lathu amalota zodzakhala oyendetsa ndege enieni, ndipo chizolowezi cha pakamwa amachitengera kwa ife akuluakulu.

Wa pa nsanja, Matundo:

Si ine amene ndinali pa nsanja usiku umenewo, koma mpando umenewo ndimaudziwa bwino, choncho mundilole ndikuonetseni zimene "mayday" wanu anachita kumbali inayo. Munthu wa pa nsanja amakhala ndi pepala limene walembapo ndege iliyonse, kutalika kwake ndi nthawi yake yotera. Mawu amenewo akangomveka, pepala lonselo limafa. Ayenera kuuza ena onse kuti akhale chete pa wailesi, kukweza amene anali atatsitsa kale matayala, kuwapatsa njira zosiyana kuti asakumane, kenako kuyambanso mzerewo kuchokera pachiyambi, zonsezi m'Chingerezi chimene kwa ambiri a ife ndi chilankhulo chachitatu pambuyo pa Chichewa ndi Chipwitikizi. Ine thukuta limatsika mpaka kunyowetsa pepalalo, makamaka m'miyezi ya October ndi November pamene kutentha kwa kuno sikuchoka ngakhale usiku. Palibe amene amalipidwa pa ntchito imeneyi.

Ndiye taganizirani za awiri amene anakwezedwa aja. Ndege ikalephera kutera imazungulira mphindi zingapo isanabwererenso pa mzere, ndipo mphindi zimenezo zimadya ma mega awo, ogulidwa ndi mametikali ofanana ndi anu. Kodi munawafunsa ngati foni zawo sizinalire?

Wa ku Zobue:

Ndikugwirizana ndi akuluakulu amene alankhula, komabe sindikufuna kuti mbale wathuyu tingomuweruza osaona vuto limene linamukankha. Malamulo a maukonde akuluakulu analembedwa ndi anthu amene intaneti yawo sikutha pakati pa ulendo, pamene ife kuno magetsi akhoza kuzima uli pafupi kutera. Gulu lathu lilibe njira yoti munthu anene vuto lotere poyera, ndipo pamene palibe khomo anthu amalowera pazenera. Ndikupempha oyang'anira kuti alole woyendetsa ndege kulemba uthenga wachidule kwa wa pa nsanja wonena kuti intaneti ikutha, ndipo wa pa nsanjayo aone yekha ngati mpata ulipo, popanda kukakamizidwa. Ikaduka, munthuyo aloledwe kulowanso, malinga asatulukire pa msewu wonyamukira ndege kapena pakati pa mzere wa anzake. Masiku atatu, kwa munthu amene anadziulula yekha ndipo n'koyamba kulakwa, ine ndikuona kuti tsiku limodzi likanakwana.

Wa ku Moatize:

Zikomo nonse, makamaka inu a pa nsanja, chifukwa za ma mega a anzanga awiriwo sindinaziganizirepo ngakhale pang'ono. Ndawalembera onse awiri madzulo ano, ndipo mmodzi wandiyankha kuti intaneti yake inadukadi ali mkati mozungulira, moti ulendo wake sunalembedwe m'buku la maola. Chilango sindichidandaulanso ndipo ndidikira mpaka Lachitatu. Maganizo a achimwene a ku Zobue ndiwapereka kwa oyang'anira pa msonkhano wa Lamlungu, ndipo ndapempha kuti pa ulendo wotsatira wa ku Chileka andiike pafupi ndi wa pa nsanja kuti ndizimulembera pepala la mzere.