Ndapemphedwa kukhala mkonzi wa mawu a chionetsero cha zinthu zakale: nditsate zikalata za atsamunda kapena mawu a akuluakulu?

Nasakala wa ku Kapata

Moni nonse, makolo ndi abale. Ndine mphunzitsi wa Chinyanja pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo gulu lina la anthu okonda mbiri landipempha kuti ndikhale mkonzi wa mawu onse amene adzaikidwe pa chionetsero cha zinthu zakale chimene likukonza. Zinthuzo ndi zishango, mikondo, makasu osula, mbiya, zithunzi za tauni yathu pa nthawi imene inkatchedwa Fort Jameson, ndiponso zigoba ziwiri za gule wamkulu. Kuwongola zilembo ndi ziganizo sikundivuta, koma pali zinthu ziwiri zimene zandiimitsa mutu. Pa nkhondo ya 1898 ya Angoni ndi asilikali a Britain, mmodzi wa olemba athu anatsata malipoti a atsamunda ndipo waitcha kuukira boma, pamene wina analemba zimene anamva kwa akuluakulu a ku Feni, zoti Nsingo, mwana wa Mpezeni mfumu ya Angoni, ankateteza dziko la atate ake. Kodi mkonzi ali ndi mphamvu yosankha mbali imodzi? Chachiwiri, zinthu zambiri zabwera ndi mawu ochepa chabe, monga akuti "mkondo wakale wa Angoni", popanda kunena mwini wake kapena mudzi umene unachokera. Amene munagwirapo ntchito yotere, chonde ndiunikireniko.

A Tembo, Chadiza

Mayi Nasakala, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, pakuti ndilo tsinde la ntchito yonse. Ndinagwirapo ntchito yosanja zikalata zakale ndisanapume, ndipo ndinganene kuti mkonzi wa m'myuziyamu amathera nthawi yochuluka pofunsa kuti "mwadziwa bwanji?" kusiyana ndi powongola galamala. Musanalembe mawu oti alendo awerenge, chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yake m'kaundula, ndipo pansi pa nambalayo palembedwe amene anachipereka, mudzi ndi mfumu ya kumeneko, chaka chimene chinalandiridwa, chimene chinapangidwira, ndi amene anafotokoza mbiri yake. Mkondo umene mwautchulawo mwina unasulidwa zaka makumi atatu zapitazo kuti munthu azivinira ngoma pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala, mwinanso ndi wa nthawi ya Mpezeni woyamba, ndipo dzimbiri lokha silingakuuzeni. Ngati mwini wake ali moyo, pitani mukamufunse. Ngati palibe wodziwa, lembani zokhazo zimene zikuoneka, kuti ndi wachitsulo, mpini wake ndi wa mtengo, unaperekedwa ndi banja la ku mudzi wakuti, ndipo mawu akuti "wa pa nkhondo ya 1898" musawaike ngakhale a m'gulu lanu akukakamizeni.

Pa funso loyamba, si kuti mukusankha mbali, koma mukuyesa mawu aliwonse ndi zimene zikudziwika. Asilikali amene anamenyana ndi Angoni mu January 1898 anachokera ku British Central Africa, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo mkangano unakula chifukwa kampani ya North Charterland inkati ili ndi ufulu pa dziko la Mpezeni potengera pangano limene Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany, ankati analandira kwa mfumuyo. Nsingo anagwidwa ndi kuomberedwa mu February chaka chomwecho, ndipo Fort Jameson inasanduka likulu la North-Eastern Rhodesia nkhondo itatha, mpaka 1911 pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia. Tsono munthu saukira boma limene silinayambe kumulamulira. Apa mkonzi ali ndi ufulu wonse wochotsa mawu oti kuukira, chifukwa akutsutsana ndi ndondomeko ya zaka.

Komabe zikalata za atsamunda musazitaye. Ku National Archives ku Lusaka kuli mabuku otchedwa District Notebooks, m'mene mabwanamkubwa a maboma ankalemba za mafumu, misonkho ndi malire, ndipo masiku ndi maina ambiri amapezeka momwemo. Chofunika ndi kunena poyera kuti mawuwa analemba ndi ndani. Chitsanzo china ndi tsiku limene Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Akuluakulu anasunga zoti dzuwa linada masana, ndipo kadamsanayo ndiye anathandiza akatswiri kupeza kuti zinachitika mu November 1835, koma mabuku ena amati pa 19, ena pa 20. Pa kachikwangwani ndingalembe mwezi ndi chaka, tsiku lenilenilo ndikulisiyira kabuku kofotokoza chionetsero, m'mene muli malo onenera kusiyanako.

A Phiri, Katete

Zimene anena a Tembo ndazimva, koma pa zigoba za gule lamulo lawo loti lembani zonse zimene mwadziwa silingagwire ntchito. Mayi, musanalembe chilichonse, funsani kuti zigobazo zinatuluka bwanji ku dambwe, ndipo ndani analola kuti ziikidwe poyera. UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo anthu masauzande amauonera pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika mu August chaka chilichonse, koma zimenezo sizinachotse mwambo wa mzinda, ndiko kuti mudzi umene uli ndi ufulu wovina gule. Pali zimene aliyense amaona pa bwalo, monga dzina la chilombo, nthawi imene chimatuluka, kaya pa maliro kapena pa chinamwali, ndi phunziro limene chimapereka, ndipo izi mukhoza kulemba. Pali zina zimene ndi za olowa okha, monga wopanga chigoba ndi kapangidwe kake, ndipo izi sizilembedwa pa khoma pamene ana a sukulu adzawerenge. Ndikupemphani kuti mawu a mbali imeneyi mukawawerenge pamaso pa mfumu ya mzinda ndi akuluakulu ake asanapite kosindikiza. Adzachotsamo zina, ndipo kachikwangwani kadzafupika, koma chionetsero chanu sichidzatsekedwa ndi milandu.

Mayi Zulu, Mtenguleni

Ine ndine Mngoni, ndipo ndagwirizana ndi a Tembo kuti mawu oti kuukira achoke, koma ndikuopa kuti mungatuluke m'dzenje lina ndi kugwera m'lina. Mawu a akuluakulu nawonso ayenera kufunsidwa kuti "mwadziwa bwanji?" Nc'wala inaleka kuchitika kwa zaka zambiri nkhondo ija itatha, ndipo inayambiranso mu 1980, kotero kuti zambiri zimene timafotokoza lero zinadutsa m'mawu olankhulidwa pa mwambowo, m'mawailesi ndi m'mabuku a sukulu. Gogo wa zaka 80 sanamuone Nsingo, ndipo ndi bwino kumufunsa ngati zimene akunena anamva kwa agogo ake kapena pa wailesi. Zonsezo n'zoyenera kusungidwa, koma sizilemera mofanana.

Palinso nkhani imene ife eni ake sitikonda kuitchula. Angoni atakhazikika kuno anagonjetsa Achewa ndi Ansenga ambiri ndi kuwatenga ukapolo, ndipo ndi chifukwa cha amayi achinsenga kuti Angoni a Mpezeni lero timalankhula chilankhulo chofanana kwambiri ndi Chinsenga, Chingoni chenicheni n'kutsalira m'nyimbo ndi m'matamando a mafumu. Mlendo wochokera ku Petauke kapena ku Katete akadzaima patsogolo pa chishango, akuona chinthu chimene makolo ake ankachithawa. Chikwangwani chongotamanda Angoni chidzakhala chotsimphina mofanana ndi lipoti la atsamunda. Ziganizo ziwiri zokha zikhoza kukwana: china chonena kuti zida zotere zinagwiritsidwa ntchito polimbana ndi asilikali a Britain, china chonena kuti zinagwiritsidwanso ntchito pogonjetsa mitundu imene Angoni anaipeza kuno.

Ndionjezeko za kalembedwe, popeza ndinu mphunzitsi. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo alendo anu adzakhala a mbali zonse ziwiri za malire a Mwami. Sankhani njira imodzi, muilembe pa pepala limodzi pamodzi ndi kalembedwe ka maina onse a mafumu ndi malo, ndipo olemba anu onse aitsate.

Nasakala wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse. A Phiri, zigoba zija ndapempha kuti zichotsedwe kaye pa mndandanda kufikira titakumana ndi eni mzinda. A Tembo, ndikadali ndi vuto limodzi: olemba athu abweretsa tsamba lathunthu pa chinthu chimodzi, ndipo aliyense sakufuna kuti adulidwe. Kodi kachikwangwani kamodzi kayenera kutalika bwanji?

A Tembo, Chadiza

Mlendo amawerenga ali chiimire, nthawi zina ali ndi mwana kumbuyo, choncho ine ndinkayesetsa kuti mawu a chinthu chimodzi asapitirire ziganizo zitatu kapena zinayi m'chilankhulo chilichonse. Chiganizo choyamba chinene chinthucho ndi kumene chinachokera, chachiwiri chimuonetse mlendo mbali imene akanaiphonya, monga pamene chikopa cha chishango chinasokedwanso, ndipo chomaliza chinene amene anafotokoza mbiriyo ndi chaka chimene anafotokoza. Chinyanja mulembe pachokha, chisakhale chomasulira kuchokera ku Chingerezi, chifukwa chomasulira chimatalika ndi kuuma. Mukatha, sindikizani pa pepala wamba, mulimate pa khoma, ndipo muitane mwana wa giredi 7 ndi munthu wachikulire kuti awerenge mokweza ali patali pang'ono. Pamene apunthwe mukonzepo.

Masamba aataliwo musawataye. Aikeni m'fayilo ya chinthu chilichonse pansi pa nambala yake, pamodzi ndi mawu ojambulidwa a akuluakulu ndi chilolezo chawo cholembedwa, ndipo abwino kwambiri alowe m'kabuku ka chionetsero ndi maina a olemba ake. Mukawauza zimenezi olembawo, ambiri amavomera kudulidwa. Ngati mungapeze mpata, pitani ku Nsingo Community Museum ku Feni mukaone m'mene anafotokozera za Angoni, ndiponso mulembere a National Museums Board kuwapempha chitsanzo cha fomu imene amalembera zinthu m'kaundula, kuti nambala zanu zidzathe kuwerengedwa ndi ena chionetsero chikadzatha.