Ndithandizeni pa mbiri ya Joseph Rotblat

Aphunzitsi anzanga, ndikukonza phunziro lokhudza Joseph Rotblat, wasayansi wa ku Poland. Anapita ku Liverpool mu 1939, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse n'kuyamba mkazi wake Tola akadali ku Warsaw, ndipo sanaonanenso. Anagwira nawo ntchito yopanga bomba la atomiki ku Los Alamos, ku America, koma anaisiya mu 1944 atadziwa kuti Germany siipanga bombalo. Pambuyo pake anakhala pulofesa ku London, n'kulandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1995.

Kwa ine, kusiya ntchito kuja ndiye phata la nkhani yonse. Kodi ana a sekondale ndingawafotokozere bwanji kuti amvetse kulemera kwa chisankho chimenechi? Inu mukadayambira pati, pa bomba kapena pa Tola?