Maekala 160 ankakwana bwanji ku Wyoming?

Akuluakulu odziwa mbiri ya America, ndithandizeni. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo zaka zisanu, atamanga nyumba n'kulima. Kum'mawa malo otere ankadyetsa banja, koma ku Wyoming, dera la kumadzulo kwa dzikolo, mvula njochepa, ng'ombe imodzi imafuna maekala ambirimbiri a msipu. Obwera ankangothamangira m'mbali mwa mitsinje n'kutchinga madzi ndi waya waminga. Eni ng'ombe zambiri anapsa mtima, mpaka mu 1892 analemba ganyu amfuti ochokera ku Texas kukaukira obwerawo m'boma la Johnson County ku Wyoming komweko.

Ndiye chinaziziritsa mkanganowu n'chiyani? Kukweza malowo kufika maekala 320 mu 1909 ndi 640 mu 1916, kapena chisanu choopsa cha 1886-87, chomwe chinapha ng'ombe zambiri, chinali chitawafooketsa kale eni ng'ombewo?